Nkhope ya Pablo Escobar si yoyenera kukhala pa malaya

Mu 2024, phungu wina wa nyumba ya malamulo ya dziko la Colombia, Cristian Avendaño, adapereka bilu yofuna kuletsa kugulitsa malaya, zipewa, makapu ndi tizinthu tina tokhala ndi nkhope ya Pablo Escobar, yemwe adali mtsogoleri wa gulu lozembetsa mankhwala ozunguza bongo m'dzikolo. M'chaka chomwecho, mwezi wa April, khoti la mgwirizano wa mayiko a ku Ulaya lidakana pempho la kampani ina yomwe inkafuna kulembetsa dzina la munthuyu kuti likhale chizindikiro cha malonda ake. Oweruza adati anthu akamva dzinali amaganiza za mankhwala ozunguza bongo, uchigawenga ndi mavuto omwe zinthuzi zidabweretsa. Nkhani ziwirizi zidautsanso mkangano womwe sudathepo chimwalirireni mwini wakeyo mu 1993. Ena akuti Escobar adali bambo wa amphawi, ena akuti malaya ndi malaya basi, enanso akuti boma lisalowerere pa zomwe munthu wavala. Ine ndili mbali ya omwe akufuna kuti malondawa athe. Escobar sadali mpulumutsi wa osauka. Adali munthu yemwe ankagwiritsa ntchito osauka pomanga chuma chake ndi podziteteza, ndipo ambiri mwa omwe adafa chifukwa cha iye adali osauka omwewo. Mbiri yake iphunzitsidwe yonse, popanda kubisa kanthu, koma nkhope yake isakhale katundu wa pamsika.

Kuti timvane bwino, tiyambe ndi munthuyo. Pablo Emilio Escobar Gaviria adabadwa pa 1 December 1949 ku Rionegro, m'chigawo cha Antioquia, ndipo adakulira ku Envigado, pafupi ndi mzinda wa Medellín. Bambo ake adali mlimi, mayi ake adali mphunzitsi. Sadakulire m'nyumba ya mwanaalirenji, koma sadakulirenso kumtaya, monga momwe ena omukonda amafunira kuti tizikhulupirira. Adayamba ndi kuba galimoto ndi kuzembetsa katundu monga ndudu, kenako adaona kuti phindu lenileni lili pa mankhwala ozunguza bongo otchedwa kokeni. Mu 1976 adamangidwa atapezeka ndi kokeni, ndipo chithunzi chomwe apolisi adamujambula tsikulo, akumwetulira, ndicho chimodzi mwa zomwe zikusindikizidwa pa malaya lero. Chomwe ovala malayawo sanena n'chakuti apolisi omwe adamugwira adadzaphedwa pambuyo pake, ndipo mlanduwo sudapite patali. Kuchokera pamenepo, iye pamodzi ndi ana a banja la Ochoa, komanso Carlos Lehder ndi Gonzalo Rodríguez Gacha, adamanga gulu lomwe lidadziwika ndi dzina la mzinda wa Medellín. Ankagula phala la masamba a koka ku Peru ndi ku Bolivia, kuliyenga m'nkhalango za Colombia, n'kulitumiza pa ndege zing'onozing'ono ku Florida, m'dziko la America, nthawi zina kudzera pa kachilumba ka Norman's Cay ku Bahamas. Pofika mu 1987, magazini ya Forbes idamuika pa mndandanda wa anthu omwe chuma chawo chidaposa madola biliyoni imodzi, ndipo adakhalapo zaka zingapo zotsatizana.

Mfundo yoyamba ya omuikira kumbuyo ndi yamphamvu, ndipo sindikufuna kuipeputsa. Iwo amati: kuli anthu ku Medellín omwe ankagona m'zisakasa pamtaya wa zinyalala wa Moravia, akumatola zotayidwa kuti adye, boma likuwayang'ana ngati kulibe. Escobar adayambitsa ntchito yomwe adaitcha Medellín sin Tugurios, adamanga nyumba mazana angapo paphiri lina, n'kuwapatsa anthuwo ulere. Mpaka lero malowo amatchedwa dzina lake. Adaika magetsi m'mabwalo a mpira m'madera omwe anyamata ankasewera mumdima. Mu 1983 magazini ya Semana idamufanizira ndi Robin Hood, wakuba wa m'nthano yemwe ankalanda olemera n'kupatsa osauka. Atamwalira, anthu masauzande adakhamukira kumanda, ena akulira mosatonthozeka. Kodi mayi yemwe adachoka pamtaya n'kulowa m'nyumba ya njerwa tingamuuze kuti akunama akamati munthuyu adamuthandiza? Ayi, sakunama. Nyumbayo ndi yeniyeni, denga lake limatchingadi mvula, ndipo kuthokoza kwa mayiyo n'kochokera pansi pa mtima.

Komabe funso lofunika ndi lakuti adapereka liti, ndipo ankafuna chiyani. Zachifundo zakezi zidachuluka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, nthawi yomwe ankafuna mpando wa ndale. Dziko la Colombia lidali litasainirana pangano ndi dziko la America mu 1979 loti anthu ozembetsa mankhwala azitha kutumizidwa kukayankha milandu ku America, ndipo palibe chomwe Escobar ankachiopa kuposa chimenechi. Phungu wa nyumba ya malamulo adali ndi chitetezo choti sangamangidwe wamba. N'chifukwa chake mu 1982 adaima pa chisankho n'kulowa m'nyumbayo ngati wogwirizira mpando wa phungu Jairo Ortega. Mabwalo a mpira ankatsegulidwa ndi misonkhano, iye ali kutsogolo, chimkuzamawu chili m'manja. Msodzi akaika nyambo pa mbedza, nsomba imadyadi chakudya chenicheni, koma palibe amene anganene kuti msodziyo wapita kunyanja kukadyetsa nsomba. Nyumba zija zidamugulira mavoti, ndipo pambuyo pake, atayamba kusakidwa, zidamugulira maso ndi makutu m'makwalala, anthu omuchenjeza apolisi akamabwera, ndi zipinda zobisalamo. Tikayerekeza ndi ndalama zomwe ankapeza, zomwe adawononga pomanga nyumbazo zidali zochepa kwambiri. Pa famu yake ya Hacienda Nápoles adamanga bwalo la ndege, n'kudzazamo njovu, nyamalikiti ndi mvuu. Mvuu zidali 4 zokha, koma zidaswana mpaka kuposa 100, ndipo lero zili mu mtsinje wa Magdalena, kuopseza asodzi ndi kusokoneza zamoyo za m'madzi, moti mu 2022 boma lidalengeza kuti ndi nyama zoononga chilengedwe cha dzikolo. Aliyense wodziwa mvuu za mu Shire akudziwa kuti asodzi a kumeneko asiyiridwa vuto lotani.

Kuwonjezera apo, tiyeni tiwerenge zomwe amphawi adalipira. Escobar sankawombera yekha. Ankalemba ntchito anyamata a m'madera osauka a m'mapiri ozungulira Medellín, ena asanakwanitse n'komwe zaka 18, kuwapatsa mfuti ndi njinga yamoto, n'kuwatuma kukapha. Ambiri mwa anyamatawa sadakule. Ankaphedwa ndi apolisi, ndi magulu opikisana nawo, kapena ndi anzawo omwe pofuna kufafaniza umboni. Mu 1990 adalengeza kuti aliyense wopha wapolisi ku Medellín alandira ndalama, ndipo apolisi mazanamazana adafa. Kodi wapolisi wamba woyenda mumsewu ndi mwana wa ndani? Ndi mwana wa mlimi, mwana wa mayi wogulitsa pamsika, yemwe adalowa ntchitoyo kuti apeze ya ufa. Mu 1991 mokha, anthu oposa 6,000 adaphedwa mumzinda wa Medellín, ndipo ambiri adali anyamata a m'madera omwewo omwe adaikiridwa magetsi a pabwalo la mpira. Pa 27 November 1989 bomba lidaphulika mu ndege ya Avianca itangonyamuka ku Bogotá, anthu onse 107 omwe adali m'ndegemo adafa, komanso ena 3 pansi. Yemwe ankafunidwa adali César Gaviria, woimira pa chisankho cha pulezidenti, koma iye sadakwere ndegeyo. Patangotha masiku 9, pa 6 December, basi yodzadza ndi mabomba idaphulitsidwa pa likulu la nthambi ya zachitetezo ya DAS, anthu oposa 60 adafa ndipo mazana adavulala. Mkulu wa nthambiyo, Miguel Maza Márquez, adatuluka wamoyo. Omwe adafa adali ogwira ntchito wamba, odutsa m'njira ndi ogulitsa malonda. Ndiye tikamati adathandiza osauka, tikuwerenga mabanja mazana angapo omwe adalandira nyumba, n'kusiya mabanja masauzande omwe adalandira maliro. Chiwerengero chotere sindingachivomereze.

Ndipo ngati tikufuna kuona thandizo lenileni kwa amphawi a mumzinda womwewo, liripo loti tiyerekeze nalo. Sitima ya mumzinda ya Medellín idayamba kuyenda mu 1995. Mu 2004 adatsegula ngolo zoyenda pa zingwe m'mwamba, zomwe zidalumikiza madera osauka a m'mapiri ndi pakati pa mzinda, moti ulendo wopita kuntchito womwe unkadya nthawi yaitali udafupika. M'nthawi ya meya Sergio Fajardo adamanga malaibulale akuluakulu m'madera omwe kale ankaopedwa. Zinthu izi zili ndi zofooka zake, umphawi sudathe, koma wokwera ngoloyo safunsidwa kuti abise chigawenga m'nyumba mwake, ndipo mwana wolowa mulaibulale sapatsidwa mfuti potuluka.

Mfundo yachiwiri ndi ya anthu ophunzira, ndipo imamveka yanzeru. Iwo amati Escobar adali chipatso cha dziko lovunda kale. Olemera a ku Colombia ankasala aliyense wosabadwira m'mabanja awo, andale ambiri ankadya ndalama zake, apolisi ndi asilikali ena ankapha anthu osalakwa, ndipo msika wonse udali ku America ndi ku Ulaya, komwe anthu a ndalama ankagula kokeni m'maphwando awo. Amawonjezera kuti omwe adamugwetsa sadali oyera: gulu la Los Pepes lomwe linkapha abale, maloya ndi anzake a Escobar lidali ndi anthu monga Fidel ndi Carlos Castaño, omwe adatsogolera magulu a zida omwe adapha anthu ambiri akumidzi, ndipo gulu lina lozembetsa kokeni, la mumzinda wa Cali, lidapindula ndi imfa yake. Zonsezi n'zoona, ndipo munthu wophunzitsa mbiriyi akazisiya ndiye kuti akunama. Koma kuipa kwa ena sikusandutsa munthu kukhala ngwazi. Chomwe chimandigwira mtima kwambiri n'chakuti tikayang'ana mayina a omwe Escobar adawasankha kuti aphedwe, timapezamo anthu ambiri omwe ankakana katangale. Akatangale ankawalipira, ndipo ankakhala ndi moyo. Lamulo lake lidali lakuti ulandire ndalama kapena ulandire chipolopolo, ndipo chipolopolocho chinkapita kwa okana ziphuphu.

Tiwatchule, chifukwa mayina awo sapezeka pa malaya. Rodrigo Lara Bonilla, nduna ya zachilungamo, adaulula poyera komwe chuma cha Escobar chinkachokera, ndipo m'nthawi yake apolisi adaphwanya malo oyengera kokeni a Tranquilandia mu March 1984, n'kupeza matani oposa 13. Pa 30 April chaka chomwecho adawomberedwa ali m'galimoto yake ku Bogotá, asanakwanitse zaka 38. Jaime Ramírez, mkulu wa apolisi yemwe adatsogolera ntchito ya ku Tranquilandia, adaphedwa mu 1986 banja lake likuona. Guillermo Cano, mkonzi wa nyuzipepala ya El Espectador, ndiye adafukula nkhani ya kumangidwa kwa Escobar kwa mu 1976 n'kuisindikizanso, zomwe zidathandiza kuthetsa ndale zake. Adaphedwa pa 17 December 1986 akutuluka kuntchito, ndipo mu 1989 nyumba ya nyuzipepalayo idaphulitsidwa. Lero mphoto ya bungwe la UNESCO ya ufulu wa atolankhani imatchedwa dzina lake. Carlos Mauro Hoyos, mkulu woyang'anira kayendetsedwe ka chilungamo m'boma, adabedwa n'kuphedwa mu January 1988. Luis Carlos Galán, yemwe adathamangitsa Escobar m'gulu lake la ndale ndipo ambiri ankayembekezera kuti akhala pulezidenti, adawomberedwa pa nsanja ya msonkhano ku Soacha pa 18 August 1989, tsiku lomwelo lomwe mkulu wa apolisi ku Antioquia, Valdemar Franklin Quintero, adaphedwa ku Medellín. Mtolankhani Diana Turbay adabedwa mu 1990 ndipo adafa mu January 1991. Oweruza milandu adaphedwa ambiri mpaka boma lidayamba kubisa nkhope ndi mayina a majaji poweruza. Awa ndiwo anthu omwe akadakonza dziko lovundalo. Choncho kunena kuti Escobar ankalimbana ndi boma loipa ndi kutembenuza nkhani: iye ankachotsa anthu abwino m'bomamo kuti oipa okha atsale.

Umboni wina uli pa momwe nkhondo yakeyo idathera. Akadakhala kuti ankamenyera anthu, bwenzi pokambirana ndi boma adapempha malo olima a alimi, sukulu kapena zipatala. Iye ankapempha zokhudza khungu lake, makamaka kuti asatumizidwe ku America. Pa 19 June 1991, nthumwi zomwe zinkalemba malamulo atsopano oyendetsera dziko zidavomereza kuti nzika ya Colombia isamatumizidwe kunja kukaweruzidwa, ndipo tsiku lomwelo Escobar adadzipereka. Adalowa m'ndende yomwe idamangidwa motsatira zofuna zake, pamwamba pa phiri ku Envigado, yotchedwa La Catedral. Mudali bwalo la mpira, malo omwera mowa, zipinda zabwino, ndipo adali ndi mawu pa kasankhidwe ka omulondera. Bizinesi idapitirira ali momwemo. Mu July 1992 adaitanitsa anzake awiri a pa malonda, Fernando Galeano ndi Gerardo Moncada, n'kuwaphetsa m'ndende momwemo pa mkangano wa ndalama. Boma litafuna kumusamutsira kundende yeniyeni, adathawa. Miyezi 16 yotsatira mabomba adayambiranso kuphulika m'misewu ya Bogotá, kuphatikizapo lina la mu January 1993 lomwe lidapha makolo ndi ana omwe ankagula zipangizo za kusukulu. Pa 2 December 1993, tsiku limodzi atakwanitsa zaka 44, apolisi adamupeza potsata foni yomwe ankalankhula ndi mwana wake, ndipo adamuwombera ali padenga la nyumba ku Los Olivos, ku Medellín. Lamulo lomwe adalimenyera ndi magazi a anthu ena lidasinthidwanso mu 1997.

Mfundo yachitatu ndiyo imandivuta kwambiri, chifukwa ikukhudza mimba za anthu amoyo. Mavenda a ku Medellín, makamaka m'malo odzadza alendo monga Comuna 13, amati malaya a Escobar ndiwo amayenda malonda, ndipo ukawaletsa walanda chakudya cha ana awo. Amati iwo sadaphe munthu, akungogulitsa zomwe mlendo wafunsa. Munthu aliyense yemwe adaonapo venda akuthamangitsidwa, katundu wake atamwazika pansi, sangamve zimenezi n'kukhala wosakhudzidwa. Koma ndikuona kuti yankho lake si kusiya malondawo, ndi kusamala momwe akuthetsedwera. Mlendo wochokera ku Ulaya kapena ku America sadakwere ndege n'cholinga chokagula malaya amodzi. Wabwera ndi ndalama zoti agule chikumbutso, ndipo akapanda kupeza nkhope ya Escobar agula khofi, zojambula, zoluka kapena malaya ena. Chomwe chimachitika pano n'chakuti venda mmodzi sangasiye yekha, poopa kuti woyandikana naye atenga makasitomala onse. Lamulo likakhudza onse pamodzi, mantha amenewo amatha. Komanso tisaiwale kuti pamsika womwewo pali venda wina yemwe mchimwene wake adafera m'nkhondo ija, yemwe tsiku ndi tsiku amayala katundu wake moyang'anizana ndi nkhope ikumwetulira ya yemwe adabweretsa imfayo. Nayenso ndi mphawi, nayenso ali ndi ufulu, koma mawu ake samveka chifukwa chisoni sichigulitsidwa.

Mfundo yachinayi imati kuletsa ndi kufufuta mbiri, ndiponso kupondereza ufulu wolankhula. Mawu omwewa adamveka pa 22 February 2019, pomwe meya wa Medellín, Federico Gutiérrez, adagwetsa nyumba ya Mónaco, komwe banja la Escobar linkakhala, yomwe idasanduka malo ojambulitsirapo alendo. Otsutsa adati mbiri siigwetsedwa ndi mabomba, ndipo ena adati nyumbayo ikadasandutsidwa malo osungira mbiri. Ganizo lachiwirili lili ndi nzeru, ndipo ndikadakhala wa kumeneko mwina ndikadaliganizira mofatsa. Koma taonani chomwe chidamangidwa pamalopo: paki ya chikumbutso yotchedwa Inflexión, yokhala ndi khoma lokumbukira anthu 46,612 omwe adaphedwa m'zaka za chiwawacho, kuyambira 1983 mpaka 1994. Kodi pamenepa mbiri yafufutidwa, kapena yawonjezeredwa? Kale mlendo ankamva dzina limodzi, lero akuona kuchuluka kwa omwe adatayika. Pali kusiyana kwakukulu pakati pa kuphunzitsa ndi kutamanda. Dziko la Germany limaletsa kuonetsa poyera zizindikiro za chipani cha Nazi, koma limalola kuti zigwiritsidwe ntchito pophunzitsa, pofufuza ndi pofotokoza mbiri, ndipo ana a kumeneko amaphunzira za nthawi imeneyo mozama. Sindikunena kuti Escobar ndi Hitler ndi ofanana. Ndikunena kuti dziko likhoza kutseka msika wa chizindikiro popanda kutseka buku. Wolemba alembe, mphunzitsi aphunzitse, woperekeza alendo afotokoze zonse, ngakhale nyumba zija adamangira anthu a pa Moravia. Kapu ya tiyi yokhala ndi nkhope yake siphunzitsa aliyense za ndege ya Avianca.

Ena amangoti tikukulitsa nkhani. Amati mnyamata wovala malayawo sakufuna kupha munthu, adangoonera sewero la pa Netflix lomwe lidatchuka kuyambira mu 2015, n'kukopeka ndi munthu yemwe ankaopedwa ndi boma lonse. Ndikuvomereza kuti ambiri mwa iwo ndi ana abwinobwino, ndipo sindikufuna kuti wina amangidwe chifukwa cha chovala. Koma zomwe timatamanda zimaumba zomwe ana amalakalaka. Jhon Jairo Velásquez, wodziwika kuti Popeye, yemwe adavomera yekha kuti adapha anthu pafupifupi 300 ndi manja ake potumikira Escobar, atatuluka m'ndende mu 2014 adasanduka munthu wotchuka pa YouTube, omutsatira ankafika mazana a masauzande, ndipo alendo ankajambulitsa naye. Izi sizichitika m'dziko lomwe nkhope ya bwana wake ndi yochititsa manyazi. Mwana wake weniweni wa Escobar, yemwe adasintha dzina n'kukhala Sebastián Marroquín ndipo adakakhala ku Argentina, adapepesa kwa ana a Galán ndi a Lara Bonilla, ndipo wakhala akudandaula poyera kuti masewero ena amachititsa achinyamata kufuna kukhala ngati bambo ake. Ngati mwana wobadwa m'nyumbamo, yemwe adaona chumacho ndi maso ake n'kuonanso kuthawathawa ndi mantha, akuchenjeza kuti moyowo si wosirira, ife akutali tikusirira chiyani?

Apa ndi pomwe nkhaniyi imatikhudza ngakhale ife, ngakhale Medellín ali kutali. Masewero aja timaonera nawo pa mafoni, ndipo dzina la Escobar lidalowa m'kamwa mwa achinyamata ngati dzina la munthu wochenjera pa ndalama. Koma choopsa kwambiri ndi chizolowezi chathu cha akuluakulu. Munthu akalemera mwadzidzidzi, n'kuyamba kugula mabokosi pamaliro, kupereka mayunifolomu ku timu ya m'mudzi ndi kuponya ndalama zambiri m'mbale ya kutchalitchi, timamupatsa mpando wakutsogolo, ndipo wofunsa komwe ndalamazo zachokera timamutcha wansanje. Dziko la Malawi lidafika poika m'lamulo la zipani za ndale la mu 2018 chiletso choti ofuna mavoti asamagawe ndalama ndi mphatso, chifukwa tidazindikira kuti mphatso ya wofuna mpando imakhala ndi chingwe. Anthu a ku Medellín a mu 1982 sadali opusa kuposa ife. Adali ndi njala, boma lidali kutali, ndipo adabwera munthu wa manja otambasuka. Ansembe ena adayenda naye, andale adakwera ndege zake, ndipo pomwe mzinda unkazindikira mtengo wake, mfuti zidali zitafika kale m'manja mwa ana awo.

Chotsala ndi mfundo ya omwe amati lamulo lotere n'lopanda ntchito, popeza malonda a kokeni sadafe ndi Escobar. Apa akunena zoona. Gulu la Cali lidalowa m'malo, kenako magulu ena, kenako a ku Mexico, ndipo bungwe la United Nations loona za mankhwala ozunguza bongo lidapeza kuti mu 2023 minda ya koka ku Colombia idafika mahekitala 253,000, kuposa kutali momwe zidalili m'masiku a Escobar. Kuchotsa malaya pamsika sikudzazula tsinde ngakhale limodzi la koka, ndipo wandale aliyense wonena kuti kutero n'kulimbana ndi mankhwala akunamiza anthu. Koma lamuloli cholinga chake si chimenecho. Ntchito yake ndi yoti dziko linene poyera kuti imfa za anthu ake si zopangira phindu, monga momwe timaletsera zinthu zina pamsika osati chifukwa zithetsa umbanda wonse, koma chifukwa n'zonyoza anthu amoyo. Carlos Fernando Galán, yemwe adali mwana wa zaka 12 pomwe bambo ake ankawomberedwa ku Soacha, adakhala meya wa Bogotá mu January 2024, ndipo pali anthu masauzande a msinkhu wake omwe adakula opanda bambo kapena mayi koma mayina awo sadziwika. Anthuwa akadali moyo, akuyenda m'misewu yomweyo. Chomwe ndingapemphe kwa opanga lamulo n'chakuti ayambe ndi mafakitale osindikiza malayawo ndi amalonda akuluakulu omwe amawagawa, chifukwa phindu lalikulu lili kumeneko. Venda wa patebulo apatsidwe nthawi yomaliza katundu yemwe adagula kale, athandizidwe kupeza mpamba wa malonda ena, ndipo chindapusa chibwere pokhapokha atachenjezedwa. Ndalama za chindapusazo zipite ku mabungwe a mabanja omwe adataya abale awo komanso ku maphunziro a mbiriyi m'sukulu za ku Antioquia.